Agogo a Mbewe ndi Nyimbo ya M'paipi

Agogo anga a Mbewe akandibwerera m'maganizo, chimene chimayamba kufika si nkhope yawo, koma fungo: fungo la fumbi lopserera m'mapaipi otenthetsera nyumba, losakanikirana ndi la sopo wa m'makina ochapira, ndi la mafuta aja olasa m'mphuno omwe ankadzola m'mawondo kunja kukazizira. Kenako ndimawaona ataima pakati pa chipinda chathu ku Oshawa, atavala majuzi awiri ndi chipewa cha ubweya cha mayi anga, mutu ataupendeketsa, khutu atalilozetsa ku chipaipi chachitsulo chomwe chinkadutsa kudenga kwathu. Ankatha kuima choncho mpaka tiyi wawo kuzizira pa tebulo.

Tinkachita lendi m'besimenti, kunsi kwa nyumba ya mzungu wina wachikulire, a Dagi, omwe anagwira ntchito moyo wawo wonse ku fakitale ya magalimoto. Mawindo athu anali aang'ono, m'mwamba mwenimweni, moti anthu odutsa panja tinkawadziwira nsapato. Ine ndinali ndi zaka khumi, ndipo Chichewa chinali chitayamba kale kundithawa: kumva ndinkamva zonse, koma poyankha pankatuluka Chingerezi. Mayi ankasamalira okalamba ku Toronto, kulawirira sitima mbandakucha, kubwerako miyendo itatupa. Agogo anabwera kumayambiriro kwa 2003, agogo aakazi atamwalira ku Dowa, chifukwa mayi sanafune kuti bambo awo atsale okha m'nyumba yomwe munachoka maliro.

Vuto linali lakuti nyumbayo sankaiyendetsa a Dagi. Iwo tinkangowaona mwa apo ndi apo kuseri kwa katani. Ankaiyendetsa ndi mwana wawo Kareni, wa ku Brampton, yemwe ankabwera Lamlungu. Potilola kulowa anatiuza zinthu ziwiri: anthu awiri basi, ndipo phokoso ayi, chifukwa bambo ake sali bwino. Mayi anamuuza kuti agogo angobwera kudzacheza masabata ochepa. Masabatawo anasanduka miyezi, ndipo nyumba ina ya mtengo ngati umenewo kunalibe.

"Bambo, chonde," mayi ankatero m'mawa uliwonse akumanga nsapato, "no noise. Akangokomplena a pamwambawa atithamangitsa, ndiye inuyo mukwera ndege. Mwamva?"

"Ndamva, Nambewe," agogo ankayankha. "Ndikhala ngati thumba la chimanga."

Chodabwitsa n'chakuti phokoso m'nyumbamo linalimo ndithu, koma linkachokera kwa odwalawo. Kangapo pa tsiku denga lathu linkayamba kugunda, ndipo inali nyimbo imodzimodziyo, lero ndi mawa. Mawu ake sankatifika, magitala ake ankathera m'matabwa. Chomwe chinkatsika m'paipi muja chinali ng'oma yokha, ndi kung'ung'uza kwa gitala wa mawu a pansi: di, pha, di, pha, osathamanga, osatopa, makapu m'kabati akunjenjemera nawo. Ine ndinali nditaizolowera kalekale. Koma agogo, tsiku loyamba kuimva, anasiya supuni m'mbale n'kuimirira.

"Akazi anga," anandiitana, poti ndi mmene ankandisereulira monga amachitira agogo ndi adzukulu awo aakazi, "pamwambapa pali mganda?"

Sindinkadziwa kuti mganda n'chiyani. Tsiku limenelo ndi pomwe ndinamva kuti nkhalamba yomwe ndinkaiyesa yongokhala chete ija inaimba ng'oma yaikulu ya gule ameneyu kwa zaka zambirimbiri. Kuti anyamata a m'mudzi mwawo ankavala makabudula oyera ndi masokosi ofika m'mawondo, n'kufola m'mizere ngati asilikali akuuzira malipenga a zikho. Kuti anthu akakolola, midzi inkaitanizana kukapikisana, fumbi koboo, akazi akululutira. Ine ndinawauza m'Chingerezi changa kuti ya pamwambayo si mganda, ndi roko, nyimbo ya azungu akale a tsitsi lalitali.

"Kaya ndi roko kaya ndi chiyani," iwo anatero, "koma woimba ng'omayo ndi munthu wamkulu. Ukandifufuzire kuti ndi ndani."

Ntchito imeneyo ndinailandira ndi manja awiri, poti mwachibadwa ndinali kamwana kofunsafunsa. Ndipo nditangoyamba kutchera khutu, ndinapeza kuti nyimboyo inali paliponse. Dalaivala wa basi yathu ya sukulu ankaikweza ikafika pa wailesi, n'kumamenya chiwongolero. Tsiku lomwe anatitengera kukaonera mpira wa pa ayezi, timu itagoletsa, bwalo lonse linaimirira n'kumaponda pansi ndi ng'oma yomweyo, ana, azimayi, ndi madala a mimba zawo. Anyamata a m'kalasi mwathu ankasandutsa marula magitala n'kumapukusa mitu. Mphunzitsi wathu, mayi wofatsa wovala magalasi, nditamufunsa anangoti mwee kumwetulira, nati inatuluka iye ali mtsikana, ndipo bambo ake anamuletsa kuimvera. Zonsezi ndinkabwera nazo kunyumba ngati nkhuni.

"Nyimbo imodzi, dziko lonse, zaka zonsezi?" agogo anafunsa. "Alibe zina? Kwathu nyimbo ikangotha chaka timaisiyira ana, ife n'kupeka ina."

Tsiku lina inatulukira pa TV, potsatsa malonda a galimoto, ndipo ndinawakokera pafupi kuti aimve yonse, ndi magitala ake okukuta ndi woimba wake wokuwa ndi kammero. Agogo anadzidzimuka.

"Akumutani mwanayu? Wapsa ndi madzi otentha?"

Anamvetsera pang'ono nkhope ataikwinya, kenako anagwedeza dzanja. "Tsitsa, tsitsa. Ya m'paipi ndiye yabwino. Dengali limatipetera, gaga yense amatsala pamwamba."

Anti Mwansa, mnzawo wa mayi wa ku Zambia yemwe tinkapemphera naye ku Etobicoke, anali ndi mbiri yawoyawo ya nyimboyo. Anaimva atabwera kudzationa, n'kugwira pachifuwa. "Ba tate, iyo ni nyimbo ya Satana. Ikayamba muzipemphera."

"Satana akanakhala wosunga nthawi chonchi, mayi," agogo anayankha mwaulemu, "bwenzi dziko litatha kalekale."

Dzina la woimba ng'oma sindinalipeze. Aliyense ankadziwa wokuwa uja ndi wa gitala, koma za ng'oma ankangokweza mapewa. Agogo ndi amene anapeza chinthu china, osatuluka n'komwe m'chipinda. Chisanu chitatha, masana ena ndikulemba za kusukulu, anandikodola.

"Tamvera."

"It's the same song, agogo."

"Usamvere nyimbo. Mvera mapazi."

Ndinamvetsera. Poyamba sindinamve kanthu, kenako ndinamva. Pamwamba pa ng'oma ija pankayenda mapazi a munthu, di, di, di, phazi lililonse likugwera pomwe ng'oma yagwera, kuchokera pamwamba pa bedi langa kulowera pamwamba pa chitofu chathu. Mawa lake agogo anandimvetsa zina: nyimbo isanayambe pankamveka kukhwekhwereza, khwe, khwe, ngati munthu akukoka thumba, kenako zii. Nyimbo ikayamba, mapazi ankadzuka. Ikatha, ankathera pomwepo.

"Akuvina?" ndinafunsa.

"Ayi. Wovina amasewera nayo ng'oma, amaizemba, amaibwerera. Uyu waikwera ngati basi. Ikaima, nayenso waima."

Kuyambira pamenepo sankamveranso nyimbo ngati kale. Ankatsatira mapaziwo ndi maso kudenga, manja awo akuimba pa mawondo mopanda phokoso, nthawi zina pa pilo. Paipi ija inali pafupi, akanatha kuikhudza osanyanyamphira n'komwe, koma sanaikhudzepo. Anali atalonjeza mwana wawo. Ndinkawayang'ana manja amenewo, akuluakulu, okakala, akumenya pilo ya maluwa ngati akuba, ndipo ndinkawamvera chisoni kwambiri ngakhale sindinkadziwa kuchitchula.

Kenako linafika tsiku lija la mu Ogasiti. Kunatentha kuyambira m'mawa, ndipo dzuwa litapendeka, nyimbo ili pakati, mapazi ali pakati pa ulendo wawo, zonse zinangoti zii. Firiji inasiya kung'ung'uza, TV inathima. Tinadzamva pambuyo pake kuti magetsi anazima m'mizinda yambirimbiri, kuno ndi kutsidya kwa malire. Agogo anaseka mpaka kutsokomola.

"Eee, ngakhale kunonso? Ine ndimayesa ndi matenda a kwathu okha!"

Koma kusekako kunathera panjira. Anakweza maso kudenga. Pamalo amodzi, chapakati pa chipinda, thabwa linkalira tswii, tswii, ngati munthu waima pomwepo akupendamira uku ndi uku. Panamveka kukhwekhwereza kwakufupi, kenako chinthu chinagwa n'kusweka. Thabwa linapitiriza kulira.

Agogo analowa kukhitchini, anatenga mthiko wa mayi, anavula sokosi imodzi n'kuikulunga kumutu kwa mthikowo. Ndinawagwira malaya.

"Agogo, no! Mum said!" Ndipo mantha anandibwezera Chichewa: "Atithamangitsa!"

"Ndikudziwa zomwe ananena mayi ako," anatero osandiyang'ana. "Koma apo paima munthu, miyendo yamukana. Ndimusiye agwe kuti ife tigone pabwino?"

Anayambira pomwe nyimbo inalekera. Mthiko, di, chikhatho, pha. Paipi yopanda kanthu ija inalira ngati mgolo, nyumba yonse inayankha, ndipo ine ndinatseka makutu ndikuona kale masutikesi athu ali panja. Di, pha, di, pha. Kwa kanthawi panalibe chosintha. Agogo sanafulumire, sanakweze, maso ali pa thabwa lolira lija. Anachepetsa liwiro pang'ono chabe, ngati munthu wodikira mnzake panjira. Ndiye ndinamva: di. Kenako lina, di. Mapazi aja anakwera ng'oma ya agogo n'kuyamba kuyenda, kudutsa pamwamba pa tebulo lathu, pamwamba pa kabati, mpaka pakona pomwe panamveka munthu akudzigwetsa pa mpando, phi. Agogo anatseka ndi kugunda kumodzi n'kutsitsa manja. Thukuta linali chuchuchu m'khosi mwawo.

Kenako m'paipi momwemo munatuluka mawu a munthu, otsika, onjenjemera, akufunsa m'Chingerezi kuti kunsiko kuli ndani.

Ndinayang'ana agogo.

"Ayankhe," anatero. "Uwauze kuti ndi Mbewe wa ku Dowa."

Ndinakwera pa mpando, ndinaika pakamwa pa kabowo ka paipi, ndipo ndinanena zomwezo. Mawu aja anati chitseko cha kuseri n'chosakhoma.

Aka kanali koyamba kuponda pamwamba. Kunali kowala mpaka kuthobwa m'maso, kukununkhira khofi ndi mapepala akale, ndipo khoma lonse linali mashelefu a zimbale za nyimbo. A Dagi anali atakhala pa mpando wa pakona, munthu wamtali woonda, manja awo aakulu akunjenjemera pa miyendo ngati si awo. Pakati pa chipinda panali zidutswa za kapu ndi madzi otayika. Agogo anavula chipewa, anawerama n'kuomba m'manja pang'onopang'ono, kenako anafunafuna tsache n'kusesa zidutswazo. Phazi limodzi linali lopanda sokosi.

Womasulira ndinali ine, ndipo tsiku limenelo ndinalankhula Chichewa chochuluka kuposa cha chaka chonse, chopindikapindika, agogo akuchiwongola panjira. A Dagi anafotokoza kuti ali ndi matenda aja onjenjemeretsa manja, ndipo choipa chake si manja koma miyendo: nthawi zina mapazi amangomatirira pansi, mutu ukuti tiye, iwo akukana. Kuchipatala anawalangiza kuti aziyendera nyimbo za asilikali. Anayesa, zinawanyansa. Tsiku lina nyimbo yawo ya paunyamata italira pa wailesi, anangozindikira kuti afika kukhitchini.

"Afunse," agogo anandigwira phewa, "nyimbo imeneyi inachokera kuti?"

A Dagi anawala nkhope. Ndikhulupirira kuti panali patapita zaka munthu asanawafunse funso lomwe ankalidziwa bwino chonchi. Anati oimbawo anali anyamata a kutsidya kwa nyanja, ana a anthu a m'mafakitale ngati iwowo, omwe ankaphunzira kuimba m'chipinda chozizira chosungiramo katundu mpaka aneba kuwaitanira apolisi. Anati mmene anamvera iwo, nyimboyi sinali n'komwe m'maganizo mwawo: chimbale chinaperewera, ndiye anaisonkhanitsa mothamanga kuti angodzazira malo. Olemba nyuzi anainyoza kuti ndi phokoso la anthu osaphunzira. Mawailesi ankaizemba, mpaka anthu wamba anatopetsa mafoni kuipempha. Iwo anaimva koyamba pamalo oimika magalimoto ku fakitale, ikutuluka m'galimoto ya mnzawo, ndipo anachedwa kulowa shifiti chifukwa anakana kutsika isanathe. Anakaonera gululo ku Toronto, makutu analira masiku angapo. Inalira pa ukwati wawo, apongozi atakwinya nkhope. Inaliranso pa maliro a anzawo angapo a ku fakitale.

"Ndiye lero," anamaliza akuseka, "omwe ankainyoza aja akugulitsira magalimoto."

Agogo anamvetsera zonse akugwedeza mutu, koma mafunso awo anali a mtundu wina.

"Anaipekera ndani? Ankanyoza mudzi uti?"

A Dagi anati palibe.

"Palibe? Nanga ikunena chiyani?"

A Dagi anandiyang'ana ine, kamtsikana ka zaka khumi, anakanda kumutu, nati ikunena za mnyamata yemwe sakufuna kukagona msanga. Ndinamasulira momwemo, ndipo agogo anaseka mokhala ngati amva zomwe sizinanenedwe.

"Chabwino. Nanga wa ng'omayo?"

A Dagi ananditumiza pa shelefu, ndinasolola chimbale chomwe analoza. Pa chikuto panali anyamata a tsitsi lofika m'mapewa, wokuwa uja ali patsogolo chifuwa pamtunda. Wa ng'oma anali kumbuyo kwenikweni, theka la nkhope litabisika ndi phewa la mnzake. A Dagi anatchula dzina lake, n'kuwonjeza kuti anthu ambiri amati ndiye waulesi pa gulu lonselo, chifukwa sasintha, sakometsera, amangomenya chimodzimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Sindinawaonepo agogo atapsa mtima ngati pamenepo.

"Waulesi? Uwauze kuti onena zimenezo sanagwirepo ng'oma. Kukometsera ndi kwa ana, aliyense angathe. Chovuta n'kudziletsa manja akuyabwa, anthu akukuyang'ana, iwe n'kumangowapatsa poponda. Woimba ng'oma sayang'ana manja ake, amayang'ana mapazi a anzake." Anabweretsa chimbalecho pafupi ndi maso, n'kuyang'anitsitsa theka la nkhope lija. "Ndinadziwa kuti amuika kumbuyo."

Sitima zinali zitaima, choncho mayi anachita kupempha malo m'galimoto ya mnzawo wa kuntchito. Anafika dzuwa likulowa, anapeza m'besimenti muli mbee, mthiko wawo uli pa tebulo utavala sokosi. Anatipeza pakhonde la kuseri kwa a Dagi, agogo akuwotcha nyama yomwe ikanaonongeka m'firiji, ine ndikupepesa moto ndi chikuto cha magazini. Nkhope yomwe mayi anaonetsa sindidzaiiwala. Anayamba kupepesa asanatsitse n'komwe chikwama, mawu akuthamangitsana: bambo awo anyamuka posachedwa, phokoso silidzachitikanso, chonde asamuuze Kareni.

A Dagi anakweza dzanja lawo lonjenjemera. Anati akhala akudziwa kuyambira nthawi ya chisanu kuti kunsi kuli munthu wachitatu yemwe sakupita kulikonse, chifukwa munthuyo amatsokomola ngati thirakitala, ndiponso amaimba nyimbo ya kutchalitchi motsitsa m'mawa uliwonse. Anati paipi imeneyo imanyamula mawu mbali zonse ziwiri, ndipo iwo akhala akudzuka msanga kuti asaphonye nyimboyo.

"Kareni ndilankhula naye ndekha," anatero. "Nyumbayi ikadali yanga."

Mayi anakhala pansi pa sitepe, anaphimba nkhope ndi manja, mapewa akugwedezeka, osadziwika ngati akuseka kapena akulira. Titatsika anawakalipirabe agogo, makamaka chifukwa cha mthiko.

Agogo anakhala nafe mpaka chaka chotsatira. Kareni anagulira bambo ake kawailesi ka mabatire, koma m'mawa miyendo ikauma kwambiri a Dagi ankagogoda paipi ndi ndodo, agogo n'kuwayankha, chifukwa nyimbo ya pa chimbale sidikira munthu. Madala awiriwa ankatha tsiku lonse pamwamba, wina osamva chilankhulo cha mnzake, akumvera zimbale, agogo akuweruza oimba ng'oma mmodzimmodzi ndi chala. Agogo anandiphunzitsa nanenso kuimba ng'oma, ndipo ndikathamanga ankandimenya ndi chipewa. Koma chisanu chachiwiri chinawatopetsa. Anati mawondo awo akufuna dzuwa la ku Dowa, ndipo sakufuna kudzabwerera kwawo m'bokosi. Ananyamuka ayezi akusungunuka, ndipo paipi inakhala chete.

Uthenga wa imfa ya agogo unabwera patapita chaka ndi miyezi. Mayi sakanatha kufika ku Dowa nthawi yoika isanakwane, choncho maliro tinakhalira m'besimenti momwemo, Lamlungu masana. Anthu anabwera kuchokera ku Etobicoke, ku Brampton, a ku Malawi ndi a ku Zambia, Akhristu ndi Asilamu, nsapato zinadzaza masitepe a panja. Azimayi anayala zitenje pansi, azibambo anapanikizana pafupi ndi makina ochapira. Koma galimoto ya Kareni inali panja, ndipo masiku amenewo a Dagi anali atafooka, Kareni akulankhula zogulitsa nyumba. Anti Mwansa atayambitsa nyimbo, azimayi ena n'kuyamba kulira mokweza, mayi anakweza maso kudenga n'kutambasula manja.

"Pang'onopang'ono, chonde," ananong'ona. "A pamwambawa."

Anthu anatsitsa mawu. Mayi anga anakhala pakati pawo ataluma chitenje, akulira bambo awo ngati munthu woba. Zinandiwawa mumtima kuposa uthenga weniweniwo.

Ndiye denga linayamba kugunda. Di, pha, di, pha, mokweza kuposa masiku onse. Anthu anayang'anana. Anti Mwansa anagwira pakamwa: "Pa malilo sure? Aba bantu!" Bambo wina anayamba kudzuka kuti akalankhule nawo. Koma nyimboyo isanafike pakati inadulidwa, osati ngati magetsi azima, koma ngati munthu waithimitsa dala. Kunali zii. Kenako ndodo inagogoda paipi.

Palibe anamva tanthauzo lake kupatula ine ndi mayi. Ndinadutsa pakati pa miyendo ya anthu, ndinatenga mthiko, ndinavula sokosi yanga. Ndinayamba mothamanga. Ndinachita kumva chipewa chija chikundimenya, ndinatsitsa liwiro. Di, pha. Maso kudenga. Mapazi anachedwa kudzuka, koma anadzuka. Sanalowere kukhitchini monga mwa masiku onse. Anadutsa pamwamba pa mitu yathu kulunjika pakona pomwe panali chitseko cha masitepe a m'kati, chomwe chinali chokhoma kuyambira tsiku lomwe tinalowa m'nyumbamo. Kiyi analira.

A Dagi anatsika sitepe imodzi ndi imodzi pa ng'oma yanga, Kareni atawagwira mkono, maso ake ali ofiira. A Dagiwo anali atavala jekete lakuda pamwamba pa sikipa yakale yosuluka ya gulu lija. Azibambo anaimirira n'kuwapatsa mpando. Atakhala, anapuma kaye, anayang'ana mayi, n'kunena liwu limodzi lomwe agogo anawaphunzitsa.

"Pepani."

Kenako anayang'ana chipinda chonse chija chodzaza anthu osapuma bwino, n'kufunsa m'Chingerezi chifukwa chake tili chete chonchi. Anati akhala akutchera khutu pa paipi kuyambira pomwe anthu anafika, ndipo sakumva kanthu. Anati munthu ameneyu sanali wa chete.

Mayi anatulutsa chitenje m'kamwa. Kulira komwe kunatuluka pamenepo ndikhulupirira kunamveka mpaka kumsewu, ndipo azimayi onse anakulandira, Anti Mwansa akutsogolera nyimbo ndi mawu awo onse. A Dagi anakhala nafe mpaka anthu kubalalika, dzanja lawo lonjenjemera likugunda pa bondo.

Papita zaka zambiri, a Dagi nawonso anatsikira kuli chete, ndipo nyumba ija munalowa anthu ena. Nyimboyo ikadalipobe, sikalamba: imalira m'mabwalo a masewero, pa maukwati, m'mafoni a ana omwe makolo awo anali asanabadwe pomwe inkatuluka. Ndawerengapo mbiri yake kangapo, ndipo aliyense amaifotokoza mosiyana ndi mnzake. Ena amati nkhani yodzazira chimbale ija ndi yabodza, ena akadanenabe kuti wa ng'oma uja anali waulesi. Mawu ake sindinawaloweze mpaka lero, ndipo sindifuna. Ana anga amandiseka kuti ikalira m'sitolo ndimaima ndi ngolo pakati pa njira, mutu nditaupendeketsa, anthu akundilambalala. Amayesa ndikumvera nyimbo. Ine ndimakhala ndikudikira mapazi.